Track day yathu yoyamba: a mpikisano ndi ife okwera za pa Sande tigawana bwanji thiraki?

Chikwanje_47

Moni a njinga nonse. Pepani ndilemba zambiri koma nkhaniyi yatizunguza mutu masabata awiri tsopano, mpaka anthu awiri atuluka mu gulupu ya WhatsApp mokwiya kkkk.

Ife timakwera njinga zamoto pa Sande. Timakumana m'mamawa cha ku Gateway, mafuta akapezeka timalunjika ku Salima kukadya chambo ku Senga Bay n'kubwerera madzulo, nthawi zina Dedza kapena Mchinji. Vuto ndi anyamata ena omwe akangokhota pa Kanengo kulowa M14 mutu umachoka, amatsegula yonse, pomwe msewu uja mukuudziwa nokha, mbuzi, ngolo, ana, akabaza otulukira pakanjira osayang'ana, ndi maenje oti sabata yatha panalibe. Mwezi watha mnzathu wina anaphonya ngolo pang'onong'ono, tinafika ku Salima aliyense ali duu, nsima osalowa. Nde tinagwirizana kuti wofuna kudziwa pomwe sipidomita yake imathera akachitire pamalo otseka osati pakati pa anthu.

Malo tawapeza. Ndi a kampani ina kunja kwa tauni njira ya ku Mchinji, ali ndi tara yozungulira mkati mwa mpanda, tayeza ndi foni ikukwana kilomita imodzi ndi theka, makona 7 ndi mzere wowongoka umodzi. Si Kyalami, thiraki yotchuka ija ya ku Joni, ayi koma kwa ife ndi zokwanira. Eni ake avomera Loweruka limodzi kuyambira 8 koloko mpaka 4, bola tilipire ndi kusaina kuti chikachitika chinthu ndi zathu.

Apa nde pomwe pali nkhani. Talembetsa anthu 23. Mwa amenewa 5 ndi a mpikisano, aja njinga zawo zilibe nambala, zilibe magetsi, zimabwera pa thirela, ena anakwerapo ku Joni ndi ku Harare. Enafe ndi osakanikirana, pali ma GS, CB500, Ninja 300, wina ali ndi ka 250 komwe amapitira ku ntchito. A mpikisano akuti tiwasiyire m'mawa wonse okha akapange practice, masana nde tilowe tonse pamodzi azitiphunzitsa tikuyenda. Enawa akuti ayi, ndalama tikupereka yofanana, m'mawa wonse chifukwa chani, komanso ena akuopa kulowa limodzi ndi anthu othamanga choncho. Koma tikawachotsa a mpikisano ndalama sikwana, komanso kunena zoona ndi okhawo omwe akudziwa kuti thiraki imayenda bwanji.

Amene munapangapo track day kunja, tsiku loti anthu wamba akathamangitse njinga zawo pa thiraki popanda mpikisano, zimagawidwa bwanji? N'zotheka kuyenda limodzi osaphana? Tithandizeni tisanabweze anthu ndalama zawo.

R6_wa_Kanengo

Amwene Chikwanje, ine ndi m'modzi mwa 5 mukuwanenawo nde bola ndiyankhe pano poyera anthu asamatione ngati zigawenga.

Zoti masana tilowe tonse pamodzi zija ndinazikana kale mu gulupu muja koma uthenga wanga unakwiririka ndi ma sticker. Sizichitika zimenezo. Ndakwerapo ku Zwartkops kufupi ndi Pretoria, thiraki ya makilomita 2.4, komanso Red Star ku Delmas, ndipo track day imayenda ndi magulu. Gulu lina likulowa lina likutuluka, lililonse mphindi 15 kapena 20, tsiku lonse kumangosinthana choncho. Ndipo musaderere mphindi 20, pamsewu mumakhala maola awiri pa njinga osatopa koma pa thiraki mphindi 20 zokha manja amachita dzanzi, ntchafu kunjenjemera, mumatuluka nokha mbendera isanakwezedwe.

Chifukwa chake ndi masamu osavuta. Ine ndikakhala ndikuyenda kuposa inu ndi makilomita 60 pa ola, sekondi iliyonse ndikudya mamita pafupifupi 17 a mpata womwe uli pakati pathu. Kusiyana kukafika 100 nde ndi mamita 28 pa sekondi, bwalo lonse la mpira latha masekondi 4 asanakwane. Tsono onjezerani izi, munthu watsopano amaponda buleki patali kwambiri kona isanafike, pamalo pomwe ine ndikadali pa moto wonse, ndipo poti akuopa amayamba kona ali pakati, kenako n'kutulukira kunja, kenako n'kubwereranso mkati. Munthu woyenda pang'onopang'ono koma wosunga mzere wake sativuta, timamudutsa ngati mtengo. Wovuta ndi uja wamva injini kumbuyo n'kufuna kuchita ulemu, kupatuka kuti atipatse njira, osadziwa kuti mbali yomwe akupatukirayo ndi yomwe ndasankha kale kudutsira. Ulemu wa pa M1 uja pa thiraki umagwetsa anthu awiri nthawi imodzi. N'chifukwa chake magalasi oonera kumbuyo amamata ndi selotepi kapena kuchotsa kumene, zakumbuyo si zanu, wodutsa ndi amene ali ndi udindo wodutsa bwino.

China chomwe anthu sakumvetsa n'chakuti sitikukana kuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha matama. Awiri mwa ife tili pa ma slick, matayala opanda mizere aja. Amenewa amagwira akatentha, timawafunditsa ma warmer mpaka madigiri 80 kapena cha pompo tisanalowe, ndipo ukalowa uyenera kuwagwiritsa ntchito nthawi yomweyo kuti kutentha kusachoke. Ukayenda maulendo atatu kumbuyo kwa CB500 azizira, ndipo slick yozizira imaterereka kuposa tayala wamba la pamsewu. Nde mukatiyika pakati pa atsopano mwatipatsa zosankha ziwiri, kugwa tokha kapena kumadutsa anthu ngati misala.

Za m'mawa wonse zija ndikuvomera kuti tinapempha dala mochulukitsa kkk. Koma mutimvetse, matayala amenewa timagula ku Joni, chigwereni kwacha mu November 2023 mtengo wake ukaumva umakhala pansi kaye, ndipo kukwera thirela kudzera ku Tete ndi Beitbridge ndi masiku awiri pamsewu. Mwayi wa practice pakhomo sitinaupezepo.

NaPhiri_390

Achimwene a R6 mwalongosola bwino, za ma slick sindimazidziwa. Koma pali pomwe mwalumpha.

Mwanena kuti wodutsa ndi amene ali ndi udindo. Pa pepala inde. Ine track day yanga yoyamba ndinapangira ku thiraki ina ku South Africa nthawi yomwe ndinali ku sukulu kumeneko, gulu la atsopano, anatiuza m'mawa kuti m'gulu lathu kudutsana ndi pa mzere wowongoka pokha, pakona ayi. Seshoni yachitatu bambo wina wa mpikisano anazembera m'gulu lathu ati akungofuna kuyesa sasipenshoni yomwe wangosintha kumene, ka ulendo kamodzi basi. Ndikugona pakona chonchi ndinangoona chinthu chadutsa mkati, pakati pa ine ndi mphepete, bondo lake pafupifupi kukhudza tayala langa lakutsogolo. Iye sanandigunde ndipo ndikukhulupirira kuti kwa iye mpata unalipo wambiri. Koma ine ndinadzidzimuka, ndinadzutsa njinga chilili, ndinagwira buleki yakutsogolo, ulendo wa mu miyala. Sindinavulale, koma tsiku langa linathera pomwepo, maseshoni otsala ndinangokhala pa mpando kumwa madzi. Atabwera kudzapepesa anati sisi mukanangosunga mzere wanu. Ndi zomwe mwanena inuzi. Munthu wa tsiku loyamba mzere sakuudziwa, wabwera kuti adzauphunzire.

Nde ine mfundo yanga ndi yoti wa mpikisano asapezeke m'seshoni ya atsopano pa liwiro lake, ngakhale ulendo umodzi, ngakhale akhale dolo chotani. Mpata womwe kwa inu ndi waukulu kwa ife ndi imfa.

Chachiwiri, musagawe anthu potengera kukula kwa injini, chonde. Ndamva kale ena akuti ma 1000 apite limodzi ndi a mpikisano. Pali ankolo ena mu gulupu ali ndi GSX-R1000 yokongola koma pakona amayenda ngati anyamula mazira, amangolusa powongoka. Pa ka thiraki ka kilomita ndi theka ka makona 7 njinga yaikulu giya yachitatu mwina saifika n'komwe, KTM 390 yanga ingawasiye. Brad Binder wa ku South Africa anatenga ukatswiri wa dziko lonse wa mpikisano wa Moto3 mu 2016 pa njinga ya 250cc, nde cc si nkhani. Gawani potengera zomwe munthu wachitapo ndi momwe akuyendera. Wosalowapo pa thiraki ayambire gulu la pansi ngakhale njinga yake ikhale yodula ngati nyumba ya ku Area 43, akaoneka kuti akuyenda bwino akwezedwe masana.

Za ndalama sindinyengerera. Tapereka zofanana, mphindi zikhale zofanana. M'mawa kukuzizira bwino tonse tikukufuna, si kuti enafe tilowe 1 koloko dzuwa lili paliwombo titavala zikopa.

Boxer_Mpaka_Kale

Mabwana ine ndimapanga kabaza pa Area 25 koma ndimatsatira nkhani zanuzi. Funso langa ndi loti Boxer 150 ikuloledwa? Chifukwa kunena zoona makona a ku Mtandire nthawi ya mvula nditanyamula mayi ndi thumba la makala ndimawatha, nde ka tara kosalala ako sikangandivute kkkkk. Gulu la pansi lomwelo ndilowa. Koma za zikopa zo ndilibe, ndili ndi jekete ya reflector.

Madala_a_ku_Area3

Ana anga, ine njinga ndinasiya bondo litayamba kuvuta, koma ndinaimapo ndi mbendera m'mphepete mwa thiraki kangapo ndili kunja, ndipo katswiri wa njinga uja Valentino Rossi akupambana ku Welkom ku South Africa mu 2004 pa mpikisano wake woyamba ndi Yamaha ndinaonera pa TV ndikukuwa ndekha m'nyumba mpaka mayi anu anaganiza kuti kwalowa mbava. Nde ndiloleni ndiyikepo mawu.

Mukukangana za mphindi koma palibe yemwe watchula ambulansi. Pa thiraki yeniyeni ambulansi ikachoka ndi wovulala, zonse zimaima mpaka itabwerera kapena ina itafika. Inu muli njira ya ku Mchinji, kufika ku Central si pafupi, ndipo munthu wovulala khosi simumuponya kumbuyo kwa pikapu. Ndalama ya ambulansi ndi munthu wachipatala iyambe kuchotsedwa musanayambe kuwerengera za nyama yowotcha. Ndipo wina akagwa, helemeti musamuvule, dikirani wachipatala.

Kenako kayendeni wapansi malo aja musanatenge ndalama ya munthu. Kunja kwa kona iliyonse kuli chani? Ku Kyalami ukaphonya kona umapeza malo otakasuka oti utserereke mpaka kuima. Pa malo a kampani ukaphonya kona umapeza mpanda wa njerwa, pholo la magetsi kapena ngalande. Pomwe pali choncho ikani matayala akale omanga pamodzi kapena mabelo a udzu, ndipo ngati kumapeto kwa mzere wowongoka kuli khoma, dulani liwiro ndi makoni chapakati. A mpikisano adzadandaula, asiyeni adandaule. Sesaninso tara yonse m'mawa, mchenga wa Lilongwe pakona ndi sopo. Geti likhale ndi munthu tsiku lonse chifukwa phokoso likangomveka mudzi wonse ubwera, ana, agalu, mbuzi, ogulitsa mandasi.

Mbendera musachulukitse, anthu atsopano amasokonezeka. Yachikasu, kutsogolo kuli vuto, chepetsani liwiro ndipo osadutsana. Yofiira, seshoni yaima, chepetsani bwinobwino mutakweza dzanja n'kubwerera kokhala, osati kuponda buleki n'kuima pakati pa njira. Yakuda ikaloza inu, tulukani mudzamve mlandu wanu. Ya mabokosi akuda ndi oyera, nthawi yatha. Munthu aliyense wotuluka mu thiraki akweze dzanja lamanzere patali, ndipo akakweza asasinthenso maganizo. Wolowa asadumphire pakati, atsate m'mphepete mpaka kona yoyamba. Pa makona 7 mufunika anthu a mbendera oti azionana, aliyense aone mnzake wakutsogolo.

Tsono za a mpikisano. Mwana wanga NaPhiri wanena zoona, koma musawathamangitse anyamatawa, agwiritseni ntchito. Magulu atatu, A, B ndi C, mphindi 20 lililonse, ola latha, muyambirenso. Gulu A ndi lawo, athamange mpaka akhute. Mu gulu C alowemo awiri okha, pa njinga za matayala wamba, atavala ma bibu owala, ntchito yawo kutsogolera. Maulendo oyamba onse pamzere ngati anapiye kumbuyo kwa make, osadutsana, kuti aone pomwe kona imayambira ndi pomwe imathera. Amene wavomera ntchito imeneyi mumuchotsereko pa ndalama yolowera, nde nkhani ya matayala odula ija yapepukako. Ndipo mu C musalole wotchi. Mukangoyamba kulengeza kuti uyu wazungulira masekondi angati, mwayambitsa mpikisano pakati pa anthu osadziwa kupikisana.

Mowa ukhale m'galimoto mpaka 4 koloko. Ndikudziwa mtundu wanga.

Spanala_wa_Biwi

Madala anena zonse, ine ndingowonjezera za njinga poti zambiri mwa izi zimadutsa m'manja mwanga ndipo ndikudziwa zomwe eni ake amabisa kkk.

Pakhale kuyendera njinga iliyonse pa geti. Tayala lotha kapena long'aluka m'mbali, kunja. Ma pad a buleki otha, kunja. Tcheni cholendewera, mangani. Chachikulu ndi kudontha, njinga yodontha oyilo isalowe ngakhale mwini wake alire, dontho limodzi pakona ligwetsa wakumbuyo. Kulanti, mankhwala oziziritsa injini aja, nayenso amaterera heve akatayika pa tara, n'chifukwa chake a mpikisano amathira madzi okha mu radiyeta. Magalasi ndi magetsi mata selotepi kuti zikasweka zisamwazike. Mpweya wa m'matayala musabwere ndi uja wonyamulira munthu kumbuyo popita ku Salima, pa thiraki timachepetsako pang'ono, koma funsani kaye malinga ndi tayala lanu, osangophwetsa. Ndibwera ndi geji.

Helemeti ikhale yotseka nkhope yonse, yang'anani pa lamba pali kachikwangwani ka ECE 22.05 kapena 22.06, kosonyeza kuti inayesedwa chitetezo. Zija za mu msika zopepuka ngati chipanda ayi. Achimwene a Boxer, njinga yanu ilibe mlandu, mu gulu C ingayende, koma reflector siteteza khungu, bwerekani jekete yeniyeni, magolovesi ndi nsapato zobisa akakolo.

Komanso aliyense awerenge pepala lake la inshuwalansi, ambiri amalemba kuti za mpikisano ndi kuyesa liwiro salipira. Mukaphwanya ndi thumba lanu, ndipo ine ngongole ndinasiya.

R6_wa_Kanengo

Sisi NaPhiri, pepani ndi zomwe zinakuchitikirani, bambo ameneyo analakwa basi, sindimuikira kumbuyo. Za bibu ndavomera, ndibwereka CB500 ya Chikwanje ndizitsogolera gulu C.

Koma pa mphindi zofanana ndikadali ndi mawu. Ife tilipo 5, enanu 18. Mukagawa B ndi C mukhala 9 gulu lililonse, bho. Koma anthu a C ambiri ikamakwana 2 koloko adzakhala atatopa, ndikulonjeza, mudzaona seshoni ikulowa anthu atatu. Nde ndikupempha kuti ola lomaliza, 3 mpaka 4, likhale la A ndi aja a B omwe aoneka kuti akuyenda bwino, pakona kudutsira mbali yakunja yokha, mpata wa mamita awiri. Si kusakaniza ndi atsopano kumeneko. Ndipo Madala, makoni pa mzere wowongoka aja tikambirane kaye tikakaona khomalo, mwina lili patali.

NaPhiri_390

Ola lomaliza ndi lomwe anthu amagwa kwambiri achimwene, aliyense watopa koma akudziona ngati wadziwa. Ndipo wosankha kuti uyu wa B akuyenda bwino ndi ndani? Ngati ndi inu nokha a mpikisano ayi, mudzasankha anzanu omwera nawo. Asankhe Madala.

Chikwanje_47

Zikomo nonse, ndakopera zonsezi ndaponya mu gulupu, m'modzi mwa otuluka aja wabwerera kale. Pakadali pano tagwirizana magulu atatu, mphindi 20, C ndi yomwe iyambe m'mawa ikatha nkhani ya malamulo, ndipo wosapezeka pa nkhani ya malamulo salowa. Za ola lomaliza sitinamvane, ena akuti bho ena akuti ayi, tidzavota Lachitatu.

Ndawerengera ambulansi, mabelo ndi chakudya cha anthu a mbendera, ndalama yolowera ikwera ndithu, nde konzekani kulira. Ankolo a GSX-R awerenga za mazira zija ndipo akuti iwo mu C salowa, ndi nkhani ina yomwe ndikuyenera kukaithetsa pamaso.

R6, CB500 yanga sindinavomere, mwangodzipatsa nokha. Madala, Loweruka likubwerali 9 koloko tikupita kukayenda wapansi malo aja, ndidzakutengani pa Area 3 pompo ngati bondo likulola. Spanala bwera ndi tepi yoyezera, ndipo ngati ukudziwa komwe tingapeze matayala akale ambiri ku Biwi osagula undiuze, tikufuna odzadza lole imodzi.